Kodi Mwana Wathuyu Wachedwa?

Mwezi uno tikambirane za funso limene limakhala m'mitima ya anthu ambiri koma silituluka pakamwa kawirikawiri. Amayi akakhala pamzere kusikelo, kapena akamacheza pabwalo la tchalitchi Misa itatha, maso awo amagwera pa ana a anzawo. Wina wa miyezi 10 akuyenda kale, pamene mnzake wa chaka ndi miyezi 3 akadali kukwawa. Wina akutchula maina a anthu onse a m'nyumba, pamene wobadwa naye mwezi umodzi akungoloza ndi chala. Mayi wa mwana wachiwiriyo amabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo usiku amafunsa amuna ake kuti, "Kodi mwana wathuyu sadachedwe?"

Funsoli ndi labwino ndipo yankho lake lilipo. Mwana aliyense ali ndi nthawi yake, koma nthawiyo ili ndi malire. Kholo lodziwa malirewo limapewa zinthu ziwiri: kudzivutitsa ndi nkhawa pa mwana amene ali bwinobwino, ndiponso kungokhala n'kumadikira pa mwana amene akufunika thandizo lero lomwe. Mwa ziwirizi, kudikira ndiko kumawononga kwambiri, ndipo kumachitika ngakhale kuno ku Kansenshi, kumene chipatala chachikulu cha ana cha Arthur Davison tili nacho mumzinda mwathu momwemuno mu Ndola.

Zimene sikelo imatiuza

Tiyambe ndi chinthu chimene chimapezeka m'nyumba iliyonse ya mwana wamng'ono, ndicho khadi la kusikelo. Nzeru ya khadi lotere idafalitsidwa ndi dokotala wa ana wa ku Britain, David Morley, amene ankagwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Iye adaona kuti mwana asanaoneke wodwala, kulemera kwake kumayamba kwaima, ndipo adafuna kuti khadilo lizisungidwa ndi mayi mwini wake kunyumba. Phunziro lake silidasinthe mpaka lero: tiyang'ane kumene timadontho tonse tikulowera, osati kadontho ka mwezi umodzi kokha. Mzere wokwera ndi wabwino, mzere wogona ndi chenjezo, mzere wotsika ndi ngozi. Mwana woyamwa bwino kulemera kwake kumawirikiza kawiri akamafika miyezi 5 kapena 6, ndipo katatu akamakwanitsa chaka.

Tisaiwalenso msinkhu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 adapeza kuti ana 35 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia anali opinimbira, ndiye kuti aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Chiwerengerochi chidatsika kuchoka pa 40 cha mu 2013 ndi 2014, komabe ndi chachikulu. Chakudya chimene chimatalikitsa mafupa ndi chomwecho chimene chimamanga ubongo, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. N'chifukwa chake anamwino satopa kutikumbutsa za kuyamwitsa bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenaka phala lothira nsinjiro, dzira, kapenta wosinja, nyemba ndi masamba monga chibwabwa, uku mwana akuyamwabe.

Komabe sikelo imayeza kulemera kokha. Kumwetulira kwa mwana, kumva kwake ndi mawu ake oyamba timaziona ndife, amene timakhala naye usana ndi usiku.

Thupi: kukhala, kukwawa ndi kuyenda

Thupi la mwana limalimba kuyambira kumutu kutsikira kumapazi. Khosi limalimba pa miyezi 3 kapena 4, kenaka msana, pomaliza miyendo. Pakati pa 1997 ndi 2003 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatsatira kakulidwe ka ana m'maiko angapo, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2006. Mbali ina ya kafukufukuyo idayang'ana ana athanzi 816 a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Adapeza kuti ana amenewa ankayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, kukwawa pakati pa miyezi 5 ndi 13, kuima okha pakati pa miyezi 7 ndi 17, ndipo kuyenda okha kuyambira miyezi 8 mpaka pafupifupi 18.

Taonani kukula kwa mpatawo. Pakati pa mwana wofulumira kuyenda ndi wochedwa pali miyezi yoposa 9, koma onse awiri ndi athanzi. Adapezanso kuti ana pafupifupi 4 mwa 100 sadakwawe ndi manja ndi maondo n'komwe. Ena amangodzikhwekhwereza ndi matako, tsiku lina n'kuimirira. Choncho mwana wa chaka ndi miyezi 3 amene amagwirira mipando n'kumayenda chammbali sadachedwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwana wobadwa masiku asanakwane timamuwerengera mwa njira ina pa zaka 2 zoyamba. Ngati adabadwa miyezi 2 isanakwane nthawi yake, akafika miyezi 8 timuyembekeze kuchita za mwana wa miyezi 6.

Kubereka mwana kumbuyo sikumuchedwetsa kuyenda, ndipo kumamupatsa mtendere. Chimene amafunanso ndi nthawi ya pamphasa tsiku lililonse, ali maso, atagona chafufumimba munthu akumuyang'anira, kuti aphunzire kudzutsa mutu ndi kutembenuka. Timipando ta mawilo timene timagulitsidwa m'masitolo kuti mwana aphunzirire kuyenda sitimufulumizitsa, ndipo ana ambiri avulala nato pamasitepe ndi pambaula. Dziko la Canada lidaletsa kugulitsa timipandoti mu 2004.

Manja nawonso ali ndi ulendo wake. Pa miyezi 4 kapena 5 mwana amatambasula dzanja kuti agwire chinthu, ndipo pakati pa miyezi 9 ndi chaka amatola kanyenyeswa ndi zala ziwiri. Kuyambira nthawi imeneyo chilichonse chimapita kukamwa. Ndalama zachitsulo, timabatire, mapiritsi ndi parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zikhale pamwamba pamene iye sangafikire.

Mtima: kumwetulira, mantha ndi kuvuta

Mwana amayamba kumwetulira nkhope ya munthu pa masabata 6 mpaka 8, ndipo pa miyezi 4 amaseka mokweza. Khanda likalira n'kunyamulidwa limaphunzira phunziro lake loyamba, lakuti likaitana pali wina amene amabwera. Mawu akuti kunyamula khanda lolira n'kulizolowetsa moipa alibe maziko. Mwana wa miyezi yochepa alibe nzeru zopusitsira munthu.

Chapakati pa miyezi 7 ndi 9 mwana amene ankapita kwa aliyense amayamba kukana alendo. Agogo akafika kuchokera ku Chipata kapena ku Katete, mdzukulu n'kulira powaona, amakhumudwa, mwina n'kunena kuti mwanayo akuleredwa moipa. Agogo, musadandaule. Kuliraku kukusonyeza kuti mdzukulu wanu tsopano akusiyanitsa nkhope zozolowera ndi zachilendo, ndipo imeneyo ndi nzeru. Mukhale naye pafupi masiku awiri kapena atatu, adzabwera yekha.

Kuyambira chaka ndi theka mpaka zaka 3 ndi nyengo ya kudzigwetsa pansi ndi kukana chilichonse. Mwana pa msinkhu umenewu amafuna zambiri koma mawu ali nawo ochepa, ndipo mphamvu yodzigwira mtima sinakhwime. Chikwapu chimamutontholetsa ndi mantha popanda kumuphunzitsa kanthu. Chimene chimathandiza ndi kholo lodekha, limene limasunga lamulo lomwelo lero ndi mawa, n'kumuuza mwanayo dzina la zimene akumva: "Wakwiya chifukwa ndakulanda mpeni. Mpeni umacheka." Akamafika zaka 3 kapena 4 amayamba kusewera pamodzi ndi anzake, kudikira nthawi yake ndi kutonthoza mnzake wolira.

Mawu ndi nzeru

Kulankhula kumayamba kalekale liwu loyamba lisanamveke. Pa miyezi 2 kapena 3 khanda limatulutsa timawu ta pakhosi munthu akamalilankhula. Pakati pa miyezi 6 ndi 9 limayamba "ba-ba-ba" ndi "ma-ma-ma", ndipo limatembenuka likaitanidwa dzina. Nthawi yomweyo limazindikira kuti chinthu chobisidwa pansi pa chitenje sichidathe, chilipobe, n'chifukwa chake masewera obisa nkhope amaliseketsa kwambiri. Chaka chikamakwana mwana amaloza chimene akufuna, amatsazika ndi dzanja, ndipo ambiri amatchula liwu limodzi kapena awiri. Pa zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Pa zaka 3 ngakhale mlendo amamva zambiri zimene akunena, ndipo pa zaka 4 amatha kufotokoza zimene zidachitika dzulo.

Ana athu kuno ku Copperbelt amakula akumva zilankhulo zingapo: Chinyanja kwa amayi, Chibemba pabwalo ndi kumsika, Chingerezi pawailesi yakanema ndi kusukulu yamkaka. Makolo ena amaopa kuti zimenezi zimasokoneza mwana, ndipo amasiya chilankhulo chawo n'kumamulankhula Chingerezi chokha. Ofufuza adatsimikiza kuti zilankhulo ziwiri kapena zitatu sizichedwetsa mwana kulankhula. Powerenga mawu amene mwana akudziwa, tiphatikize a zilankhulo zonse pamodzi. Kusakaniza mawu m'chiganizo chimodzi si vuto, popeza nafenso akuluakulu timatero. Mulankhuleni mwana m'chilankhulo chimene inu mumasekera ndi kuimbira nthano. Koma ngati mwana wa zaka 2 alibe mawu m'chilankhulo chilichonse, tisanamizire kuchuluka kwa zilankhulo. Makutu ake akayezedwe.

Nanga nzeru timaziyeza ndi chiyani? Mphunzitsi wina wa pa Yunivesite ya Zambia, Robert Serpell, adafunsa akuluakulu a m'midzi ya Achewa m'boma la Katete m'zaka za m'ma 1970 kuti mwana wanzeru amamudziwa bwanji. Mayankho awo adasonyeza kuti kuchenjera kokha sikukwanira. Mwana wanzeru ndi amenenso amatumika ndi kukhulupirika. Pa kafukufuku wina amene adatuluka mu 1979, iye adapempha ana a ku Zambia ndi a ku England kuti atengere zithunzi zofanana. Ndi pensulo ndi pepala ana a ku England adapambana, koma popinda mawaya ana a ku Zambia ndiwo adapambana. Mwana amakhoza pa zimene manja ake adazolowera. Choncho galimoto ya mawaya, ng'ombe ya dothi ndi masanje si kutaya nthawi, ndipo mwana wa zaka 4 amene mwamutuma kukatenga chikho ndi supuni n'kubwera nazo zonse ziwiri waonetsa nzeru zosachepera za mnzake woloweza zilembo.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Tsopano tifike pa malire aja. Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kukiliniki sabata lomwelo, osayembekeza tsiku la sikelo:

Pa miyezi 3, mwana samwetulira, satsatira nkhope yanu ndi maso, kapena sadzidzimuka chitseko chikamenyetseka.

Pa miyezi 5, khosi silinalimbe, thupi ndi lolobodoka, kapena miyendo ndi manja n'zouma gwa.

Miyezi 9 itatha, sakhala yekha, kapena satulutsa timawu tachibwana.

Pa chaka, satembenuka akaitanidwa dzina, kapena amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chifumbatire.

Pa miyezi 18, sayenda yekha, saloza zinthu, kapena alibe liwu ngakhale limodzi.

Pa zaka 2, salumikiza mawu awiri, kapena sayang'ana anthu m'maso ndipo sasamala za ana anzake.

Pa msinkhu uliwonse, wasiya kuchita zimene ankatha kale, akutuluka mafinya m'khutu, kapena pakati pa diso pakuoneka poyera. Mwana amene wakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri apite kuchipatala nthawi yomweyo.

Njira yake ndi kuyambira pakiliniki yapafupi mutanyamula khadi la kusikelo. Anamwino akaona kuti pakufunika kuyeza kwina adzakulemberani kalata yopita ku Arthur Davison, kapena ku Kitwe Teaching Hospital kwa anzathu a ku Kitwe. Fotokozani bwinobwino zimene mwaona, ndipo ngati simunamvetse, funsaninso. Safunsa adadya phula. Mukapita n'kuuzidwa kuti mwana ali bwino, mwataya ndalama ya basi yokha. Mukadikira zaka 3 pa mwana amene samva, mwataya nyengo imene ubongo wake unali wokonzeka kwambiri kuphunzira chilankhulo. Mwana wosamva akadziwika msanga amathandizidwa ndi makina a m'khutu kapena chilankhulo cha manja. Mwana wouma ziwalo akayamba mafizo ali wamng'ono, mfundo zake zimatetezedwa kuti zisapindikiretu, ndipo ambiri amaphunzira kukhala, kudya okha, enanso kuyenda.

Tisalozane zala

Chimene chimachedwetsa mabanja ambiri si mtunda wa kuchipatala koma manyazi ndi kulozana zala. Mwana akachedwa kuyenda kapena kulankhula, ena amati ndi tsempho, kuti bambo kapena mayi sadadzisunge. Ena amati walodzedwa, ena amati matendawo ndi a kuchikazi. Pamapeto pake mayi amasenza mlandu yekha, mwana amabisidwa kuchipinda alendo akabwera, ndipo maukwati ena atha kumene chifukwa cha zimenezi.

Zifukwa zenizeni n'zodziwika. Mwana akhoza kuvulala ubongo chifukwa chobanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo ofika kuubongo, matenda oumitsa khosi, kapena kusowa chakudya chokwanira. Ena amabadwa choncho popanda wolakwa aliyense. Zina mwa izi zimapeweka pogona m'neti, kulandira katemera yense, kuchilira kuchipatala, ndi kuthamangira kwa adokotala khanda likaoneka lachikasu m'maso. Liwombo nalonso tilimvetse bwino: limatsekeka lokha, mwa ana ambiri pakati pa chaka ndi chaka ndi theka. Likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi bere, madzi a ORS ndi chipatala, osati mankhwala omata pamutu.

M'miphakati mwathu timadziwana. Ngati pali banja limene mwana wake sitimuona pabwalo, tiliyendere mwaulemu, ndipo wina adzipereke kuperekeza mayiyo kuchipatala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mankhwala amene ali m'nyumba mwathu

Mu 1986 ndi 1987, ofufuza otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor adasankha ana opinimbira 129 a m'makomboni a mumzinda wa Kingston ku Jamaica, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa kamodzi pasabata kwa zaka 2 ndi azaumoyo, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, ana amene adaseweredwa nawo aja ankapeza ndalama zochulukirapo ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo opinimbira amene sadayenderedwe motero. Zidolezo zinali za mabotolo, zitini ndi nsalu zotha, zinthu zimene ife timataya tsiku ndi tsiku.

Phunziro limeneli likutikhudza kwambiri ife a m'nyumba za mipanda. Bambo ndi mayi amachoka m'mamawa, mwana amatsala ndi mtsikana wantchito amene ali ndi zochapa, zophika ndi zokolopa, ndipo njira yapafupi yomutontholetsera ndi foni kapena wailesi yakanema. Mu 2019 bungwe la WHO lidalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe zimenezi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kanema amalankhula koma samayankha, pamene mwana amaphunzira mawu mwa kupatsana: iye atulutse kamawu, inu muyankhe, iye abwerezenso. Timuuze wotithandiza ntchitoyo kuti kucheza ndi mwana ndi mbali ya ntchito yake, ndipo timuchepetsereko zina kuti apeze mpata wake.

Abambo, mbali yanu ilipo. Mphindi 15 zokha madzulo, foni ili poteropo, mwana ali pamiyendo panu mukumutchulira mphuno, khutu, mwezi, galu, ndi chuma chimene simungamugulire kusitolo. Tsiku lina mupite naye ndinu kusikelo, mukamve nokha zimene anamwino akunena. Amayi, pomusambitsa, pophika, poyenda naye kumsika, muzimuuza zimene mukuchita. Agogo, nthano ndi zilapi zija musapite nazo kumanda.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Madzulo ano tengani khadi la mwana wanu, muyang'ane kumene mzere ukulowera, kenaka mumuyang'ane mwini wakeyo: mumuitane dzina ali chikutembenukireni msana, mumupatse kanthu m'dzanja lililonse, mumuseketse. Ngati zonse zili bwino, lekani kumuyerekeza ndi wa oyandikana nawo nyumba. Ngati pali chokukayikitsani, mawa mulawirire kukiliniki. Mwezi wamawa tidzakambirana za mwana amene akukonzekera kuyamba sukulu.